KUDYA ZOLIMBA NDI MANO OKHOMERA M'FUPA

Phunziro la Zaumoyo la Mwezi Uno

Mwezi uno phunziro lathu lili pa mano. Masiku ano alipo anthu ena pakati pathu amene ali ndi mano a mtundu watsopano, okhomera m'fupa la nsagwada. Ena anawaikitsa ku Johannesburg kapena ku London kumene agwira ntchito, ena m'zipatala zolipira za m'mizinda. Anthu otere akafika kumudzi tiwalandira monga mwa mwambo wathu, ndi chimanga chokazinga, mtedza ndi nzimbe, ndipo akakana tiyesa kuti ayamba kunyada. Enanso mwa iwo, poopa kukhumudwitsa abale, alandira chimangacho nakukuta, tsono dzino limene analipira ndalama zambiri liwonongeka. Chifukwa chake nkoyenera kuti tonse tidziwe makhalidwe a mano amenewa, zimene akhoza kutafuna ndi zimene sangathe.

1. Mano athu achibadwa

Mwana ali ndi mano 20, ndipo munthu wamkulu amene mano ake onse anamera ali ndi 32. Mano akutsogolo ndi oduladula, koma akumbuyo, amene tiwatcha zitsakano, ndiwo mphero ya m'kamwa. Munthu wamkulu wa mano abwino akaluma ndi mphamvu zake zonse pa zitsakano, mphamvuyo ikhoza kufika makilogalamu 50 kapena kuposa, kulemera kwa thumba lathunthu la chimanga.

Kodi nchifukwa ninji dzino silisweka ndi mphamvu yotere? Taonani. Muzu wa dzino sugundana ndi fupa ayi. Pakati pa muzu ndi fupa pali kamnofu kopyapyala ka timinyewa tambirimbiri, kokhuthala ngati gawo limodzi mwa magawo 5 a milimita. Kamnofu kameneka kagwira ntchito ziwiri. Yoyamba, kalola dzino kunyutuka pang'ono polandira katundu, monga achitira masipuling'i a pansi pa chishalo cha njinga. Yachiwiri, kali ndi timitsempha takumva. Mukaluma mwala m'nyemba, timitsemphato tiuza ubongo msanga, ndipo nsagwada ileka kuluma inu musanaganize nkomwe. Kumbukirani kamnofu kameneka, pakuti phunziro lonse latsamira pa iko.

2. Dzino likachoka

Anthu ambiri ayesa kuti dzino likazulidwa nkhani yatha. Si choncho. Fupa la pamalopo, popeza lilibenso ntchito, liyamba kufota, ndipo m'chaka choyamba likhoza kuchepa m'lifupi mwake pafupifupi theka. Mano oyandikana nalo apendekera kumpatako, ndi dzino loyang'anana nalo lisomphoka pang'onopang'ono chifukwa lasowa mnzake wogundana naye. Munthu wotaya zitsakano zambiri aleka nyama, mtedza ndi zipatso, nakhalira phala ndi tiyi. Ndicho chifukwa chimodzi chimene nkhalamba zina ziwondera chakudya chilipo m'nyumba.

Kuyambira kale madotolo akhala akupanga mano ovala, amene munthu achotsa usiku nawaika m'kapu ya madzi. Mano ovalawo athandiza ndithu, koma akhala pamwamba pa nkhama pokha, ndipo aterereka. Munthu wovala mano otere m'kamwa monse aluma ndi mphamvu yochepa kwambiri, ngati gawo limodzi mwa magawo 4 kapena 5 a mphamvu ya munthu wa mano achibadwa.

3. Dzino lokhomera m'fupa nchiyani?

A chipatala alitcha implanti. Lili ndi zigawo zitatu.

Choyamba ndi msomali wa mazinga, wonga bawuti, umene ulowa m'fupa m'malo mwa muzu. Upangidwa ndi chitsulo chotchedwa titaniyamu, chimene sichichita dzimbiri m'thupi. Misomali yambiri ndi yonenepa mamilimita 3 mpaka 5, ndi yotalika ngati sentimita imodzi.

Chachiwiri ndi khosi, kachitsulo kolumikiza kamene katulukira pa nkhama. Kawirikawiri kamangidwa ku msomali waukulu ndi kamsomali kena kakang'ono kwambiri ka m'kati.

Chachitatu ndi chisoti, ndiye dzino loyera limene anthu aona mukaseka. Lipangidwa ndi dongo lootcha longa la makapu a tiyi osweka aja, kapena ndi chinthu china cholimba koposa chotchedwa zirikoniya.

Ana sawaika mano otere, chifukwa nsagwada zao zikali kukula. Dotolo adikira kufikira munthu atasiya kukula, pa zaka 18 kapena kupitirirapo.

4. Mmene nzeruyi inapezekera

M'chaka cha 1952, ku Lund m'dziko la Sweden, dotolo wina dzina lake Per-Ingvar Brånemark analikuphunzira mayendedwe a magazi m'mafupa. Anaika kachipangizo ka titaniyamu m'fupa la mwendo wa kalulu kuti azionera za m'kati. Ntchito itatha anafuna kuchotsa kachipangizoko, koma kanakanika, pakuti fupa linali litamera nkugwirana ndi chitsulo ngati chinthu chimodzi. Iye anaona kuti chodabwitsa chimenechi chikhoza kuthandiza anthu.

M'chaka cha 1965, mumzinda wa Gothenburg, anaika misomali yotere m'nsagwada ya munthu woyamba, bambo Gösta Larsson. Bamboyo anatafunira mano amenewo zaka zoposa 40, kufikira imfa yake m'chaka cha 2006. Madotolo a maiko ena anachedwa kukhulupirira, koma utachitika msonkhano waukulu ku Toronto m'dziko la Canada m'chaka cha 1982, njirayi inafala pa dziko lonse. Lero madotolo apeza kuti mwa misomali 10 yoikidwa bwino ndi kusamalidwa bwino, yoposa 9 ikhala ilipobe zitapita zaka 10.

5. Nyengo yodikira

Tonse tidziwa mmene mmisiri aimikira mzati m'simenti. Simenti ikali yaiwisi salola ana kuyedzamira mzatiwo, chifukwa ukagwedezeka suumanso molimba. Momwemonso ndi msomali wa dzino.

Tsiku loikidwa, msomali ugwira chifukwa cha mazinga ake okha, monga bawuti m'thabwa. M'masabata otsatira thupi lichotsa fupa lakale lokhudzana ndi mazingawo, niliyamba kumanga fupa latsopano. Tsono ilipo nthawi, makamaka sabata lachitatu ndi lachinayi, imene kugwira kwakale kwachepa koma kwatsopano sikunakhwime. Nthawi imeneyi ndiyo yoopsa kopambana, chifukwa bala la pa nkhama lapola, kuwawa kwatha, ndipo munthu ayesa kuti wachira. Msomali ukagwedezeka nthawi imeneyo, ngakhale pang'ono pokha ngati makulidwe a tsitsi limodzi kapena awiri, thupi liukuta ndi mnofu wofewa m'malo mwa fupa. Zikatero msomali sugwiranso, ndipo dotolo ayenera kuuchotsa ndi kuyambanso ntchito, ndalamanso zina.

Kugwirana kwa fupa ndi chitsulo kutenga miyezi 3 kufikira 6. Nsagwada ya pansi ifulumira chifukwa fupa lake ndi lolimba, ya pamwamba ichedwa chifukwa fupa lake ndi lofewerapo. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Kadyedwe ka nyengo imeneyi kakhale kotere:

Tsiku loyamba: zakudya zozizira kapena zofunda pang'ono, monga phala lozizira, chambiko, nthochi yakupsa ndi peyala. Musamwe tiyi wotentha, musachukuche m'kamwa mwamphamvu, musayamwe chakumwa ndi kapaipi, musamwe mowa, musasute fodya. Zonsezi zichotsa magazi oundana amene atseka bala.

Kuyambira tsiku lachiwiri kufikira masabata 2: phala la nsinjiro, mazira, maungu, mbatata yophika, futali, chipere, therere, nsima yofewa ndi nsomba yaiwisi yochotsa minga. Chukuchani pang'onopang'ono ndi madzi ofunda a mchere mukatha kudya, theka la supuni yaing'ono m'kapu imodzi.

Kuyambira pamenepo kufikira dotolo atanena kuti fupa lagwira: idyani zakudya za masiku onse zophika bwino, koma tafunirani mbali inayo. Chimanga chokazinga, mtedza, nzimbe, chinangwa chachiwisi ndi nyama youma zidikire.

Ena apatsidwa dzino loyera tsiku lomwelo loika msomali. Asanyengedwe nalo. Dzino limenelo ndi longoyembekezera, loti munthu asachite manyazi poseka. Ntchito ya mphero silingathe.

6. Fupa litagwira

Dotolo akaona pa chithunzi cha X-ray kuti fupa lagwira, naika chisoti chenicheni, munthu akhoza kudya pafupifupi zonse zimene anzake adya. Mphamvu yake yoluma ifika pafupi ndi ya mano achibadwa. Nyama, chimanga chachiwisi chootcha, magwafa, mtedza wophika, zonsezi akhoza kutafuna mosavuta.

Koma kamnofu kaja ka pakati pa muzu ndi fupa kulibe. Msomali wagwirana ndi fupa ndendende, wopanda ponyutukira. Dzino lachibadwa lili ngati njinga ya masipuling'i, dzino lokhomera lili ngati ngolo ya ng'ombe: ikagunda mwala, kugundako kufika konse pa matabwa ndi mabawuti. Ndiponso timitsempha takumva tija kulibe, chotero mwini wake achedwa kuzindikira kuti waluma mwala, napitiriza kupanikiza.

Mphamvu yopitirira muyeso ikagwera dzino lotere, chimodzi mwa izi chichitika. Chisoti chibenthuka kapena ching'aluka. Kamsomali ka m'kati kamasuka kapena kathyoka. Mwa kamodzikamodzi msomali waukulu womwe uthyoka, ndipo ilo ndilo tsoka lalikulu, chifukwa kuuchotsa kufuna opaleshoni ina. Dziwaninso kuti dzino lokhomera lipirira bwino mphamvu yotsika molunjika, koma mphamvu yokankhira cham'mbali, monga ya posenda nzimbe kapena pomwetula nyama youma, ndiyo imasula timisomali.

7. Zakudya zathu chimodzichimodzi

Chimanga chokazinga. Njere zake zouma ndi zolimba ngati miyala. Wa dzino lokhomera achileke. Chimanga chachiwisi chophika kapena chootcha ndi chabwino, koma ngati dzinolo lili kutsogolo, ayambe watonola njere ndi chala.

Nzimbe. Isendedwe ndi mpeni, idulidwe timapisi ting'onoting'ono, mfundo zake zitayidwe. Kusenda nzimbe ndi mano kwathyola mano achibadwa ambirimbiri m'midzi mwathu.

Mtedza. Wophika, wosinja kapena chiponde ulibe vuto. Wokazinga adye pang'ono, njere zowerengeka nthawi imodzi, potafunira zitsakano. Makoko aswedwe ndi zala.

Nyama ndi mafupa. Nyama iphikidwe kufikira itafewa, idulidwe ndi mpeni. Kuphwanya mafupa a nkhuku kapena a mbuzi pofuna mafuta a m'kati kulekeke. Wofuna mafutawo aswe fupa pa mwala.

Usipa, matemba ndi utaka wouma. Ziviikidwe m'madzi ndi kuphikidwa bwino, ndipo mchenga uchotsedwe. Timinga tolowa pakati pa nkhama ndi chisoti tichotsedwe tsiku lomwelo, pakuti tiyambitsa kutupa.

Masawu, masuku ndi malambe. Mnofu wake ndi wabwino, koma nthangala zake asalume. Malambe aviikidwe m'madzi kapena asakanizidwe m'phala.

Chinangwa chachiwisi, mango osapsa ndi magwafa olimba. Zidulidwe tizidutswa, osabudula ndi mano akutsogolo.

Mpunga ndi nyemba. Amayi apete ndi kusankha bwino. Mwala umodzi wobisala m'mbale uwononga dzino koposa chakudya cholimba chooneka, chifukwa munthu auluma mosayembekezera.

Masiwiti olimba ndi madzi oundana a m'filiji. Ayamwidwe kufikira asungunuke, osakukuta.

8. Malamulo 6 oyenera kukumbukira

(1) Mano si mpeni, si pulayala, si chotsegulira botolo. Musatsegule botolo, musadule ulusi, chingwe kapena waya ndi mano.

(2) Chakudya cholimba chiyambe chakumana ndi mpeni, mtondo kapena moto chisanalowe m'kamwa.

(3) Tafunani pang'onopang'ono, mbali zonse ziwiri, kuti katundu agawike.

(4) Lekani chizolowezi choluma pensulo, zikhadabo ndi timitengo ta machesi.

(5) Ngati a m'nyumba mwanu anena kuti mukukuta mano m'tulo, uzani dotolo. Iye akupangirani chovala cha pulasitiki cha pa mano chogona nacho usiku.

(6) Sungani bwino pepala lonena mtundu ndi kukula kwa msomali wanu. Makampani opanga misomaliyi ndi ambiri, ndipo zipangizo za kampani ina sizilowa pa msomali wa kampani ina. Amene anaikitsa dzino kunja kwa dziko apemphe pepalali asanabwere kumudzi, chifukwa popanda ilo dotolo wa kuno avutika kukonza ngakhale kamsomali kongomasuka.

9. Dzino lachitsulo lifunanso kutsuka

Ena ati, popeza chitsulo sichibooka, kutsuka nkutaya nthawi. Nzoona kuti chitsulo ndi chisoti sizibooka. Koma nkhama ndi fupa zozungulira ndi zamoyo, ndipo zidwala. Zotsalira za chakudya zikakhala m'mphepete mwa chisoti, tizilombo tiswana, nkhama zifiira ndi kutuluka magazi. Zikalekereredwa, matenda atsikira ku fupa naliyamba kulidya, ndipo msomali utsala wopanda pogwira. Choipa nchakuti matendawa kawirikawiri sawawa poyamba. Fupa likachepa chotere, chakudya chimene kale dzino linkatafuna bwino chisanduka katundu wolemera.

Tsukani m'kamwa kawiri pa tsiku, m'mawa ndi pogona, mphindi 2 nthawi iliyonse, ndi mswachi wofewa ndi mankhwala otsukira mano. Yeretsani ndi pakati pa mano pomwe, ndi ulusi wake wa mano kapena kamswachi kakang'ono kamene dotolo akusonyezani. Phulusa, mchenga ndi makala zikanda chisoti, ndipo singano ndi phini zivulaza nkhama.

Adani akulu a mano okhomera ndi awiri: fodya ndi matenda a shuga osasamalidwa. Fodya, kaya wa ndudu, kaya chingambwe, achepetsa magazi ofika ku nkhama, chotero bala lichedwa kupola ndipo misomali ya osuta ilephera kawirikawiri koposa ya osasuta. Wodwala shuga amwe mankhwala ake mokhulupirika ndi kuuza dotolo wa mano za matendawo ntchito isanayambe.

10. Zizindikiro zofuna chipatala msanga

Pitani kwa dotolo wa mano osazengereza mukaona izi: dzino likugwedera kapena kulira potafuna, chisoti chabenthuka, nkhama zatupa, zikutuluka magazi kapena mafinya, pakuwawa poluma, chitsulo chayamba kuonekera pamene kale panali nkhama, mlomo kapena chibwano chachita dzanzi losatha itachitika opaleshoni.

Kugwedera kwambiri kuchokera ku kamsomali komasuka, ndipo dotolo akhoza kukamanga pa nthawi yochepa. Koma munthu akapitiriza kutafunira dzino logwedera, kamsomaliko kathyokera m'kati, ntchito yaing'ono nisanduka yaikulu. Chisoti chikagwa, chisungeni m'kansalu koyera ndi kupita nacho. Musachimate nokha ndi guluu wa m'golosale, ndipo musalole munthu wosaphunzira ntchitoyi kuchikhudza ndi pulayala. Ngakhale palibe chovuta, kaonetseni mano kamodzi kapena kawiri pa chaka. Safunsa anadya phula.

11. Mau kwa eni mudzi ndi aphunzitsi

Inu amayi ndi abambo olandira alendo, mlendo akanena kuti mano ake salola chimanga chokazinga, musamuseke kapena kumukakamiza. Mpatseni mbatata, maungu kapena thobwa. Inunso a mano okhomera, nenani poyera. Manyazi a mphindi imodzi ndi opepuka koposa ulendo wobwerera kuchipatala.

Mano okhomera ndi okwera mtengo, ndipo aikidwa ndi madotolo ophunzira ntchitoyi mwapadera, amene apezeka makamaka m'mizinda. Dziko lathu linayamba kuphunzitsa lokha madotolo a mano m'chaka cha 2019 pa sukulu ya udotolo ya ku Blantyre, imene kuyambira 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Komabe kwa ambiri a ife njira yapafupi ndiyo kusunga mano amene tinabadwa nawo, pakuti ngakhale dzino lachitsulo labwino kopambana lilibe kamnofu kaja kakumva. Dzino likayamba kubooka kapena kunyerenyesa pomwa madzi ozizira, pitani kuchipatala likali lotheka kumata, musadikire kufikira lifune kuzula.

Inu aphunzitsi, malamulo a m'gawo 8 ayenera ana a sukulu omwe. Mwana wa zaka 12 ali kale ndi mano ambiri amene adzakhala nawo moyo wake wonse, ndipo dzino lothyoka ndi botolo kapena nzimbe silimeranso. Werengani phunziroli m'kalasi, jambulani pa bolodi dzino lachibadwa ndi lokhomera moyandikana, ndi kufunsa ana mafunso awa:

(a) Kodi munthu wamkulu ali ndi mano angati, nanga mwana?

(b) Tchulani ntchito ziwiri za kamnofu ka pakati pa muzu ndi fupa.

(c) Tchulani zigawo zitatu za dzino lokhomera m'fupa.

(d) Kodi Brånemark anaona chiyani pa fupa la kalulu m'chaka cha 1952?

(e) Nchifukwa ninji sabata lachitatu ndi lachinayi ndi loopsa kwa munthu woikitsa msomali?

(f) Lembani zakudya 5 zolimba za kwanu, ndi kufotokoza mmene chilichonse chingakonzedwere kuti agogo opanda zitsakano adye nawo.

Ana akayankha funso lotsirizali, awerengere makolo ao kunyumba zimene alemba.